Do wa Adada

Nchenachena,
11 Juni 2023

Mwana wanga Fiskani,

Monire. Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko. Kuno tili bwino, kupatula kuzizira kumene chaka chino kwabwera ngati tinachita kukuitana. Mlongo wako Twambilile akundisunga bwino, ngakhale amandiwerengera masupuni a shuga ngati mwana. Ndikulemba m'Chichewa cha malemu amayi ako, pakuti Chitumbuka chako unachitaya ku Lilongwe uli pa sukulu kumeneko. Ndalemba pa pepala monga mwa nthawi zonse, Twambilile ajambula ndi foni n'kukutumizira. Usandiimbire. Mafoni a masiku ano amalankhula ngati munthu wadzaza chimanga m'kamwa.

Ukudziwa kuti ntchito yako ya u-DJ sindinagwirizane nayo. Mwana wa mphunzitsi wa nyimbo kumaima kuseri kwa tebulo, zomvera kukhutu, kuikira anthu nyimbo za eni ake zongoti gu gu gu, ndinaziona ngati kutaya maphunziro. Koma lero wopempha thandizo ndine.

Kwaya ya pa tchalitchi chathu, imene ndaitsogolera zaka makumi atatu ndi chimodzi, yayamba kundisokoneza mutu. Ndimamenya pabondo foloko yanga yopezera kiyi wa nyimbo, kachitsulo kaja unkakaba uli mwana n'kumakagunditsa pa mano. Ndikaiimika pa tebulo imandipatsa C, ine n'kupezerapo do wa nyimbo yathu, amene ndi F. Ndimawapatsa do ameneyo. Koma akangotsegula pakamwa amakhala ali pansi panga, kuyambira vesi yoyamba mpaka yomaliza. Komanso amathamanga ngati akuthawa mvula. Ndikawadzudzula amangoyang'ana nsapato zawo. Ngakhale wondithandizira, Kezia NyaChavula, amene ndinamuphunzitsa ndekha do re mi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amangoti "Yewo, asambizgi," ndiye kuti zikomo aphunzitsi, mawa lake n'kubwerezanso zomwezo.

Pa 5 Ogasiti kuli chikondwerero cha makwaya ku Bolero, ndipo sindifuna kukachita manyazi. Twambilile akuti makina ako amatha kutchula kiyi ndi liwiro la nyimbo iliyonse. Wajambula pulakatisi ya Lachinayi lapitali. Uipime, undiuze kuti akutsika ndi mlingo wanji, ndikawaonetse. Khutu la nkhalamba akhoza kulikayikira, koma makina sangalimbane nawo.

Ine bambo ako,
Manasseh Luhanga

Nchenachena,
12 Juni 2023

Fiska iwe,

Uli bwanji? Koma ukudya? Pa chithunzi chija unatumiza khosi latalika ngati la nkhanga.

Kalata ya adada waiona. Iyi ndi yanga, usawauze kuti ndalemba. Ndaika ndi tsiku pamwamba chifukwa ukuidziwa nyumba ino, kalata yopanda tsiku ankatibwezera ndi cholembera chofiira.

Fiska, adada sakumva. Si za mafoni ayi. Khutu lakumanja linapita kalekale, lakumanzere ndilo likuwanamiza. Ndikawaitana ndili kukhitchini amatembenukira kukhola. Wailesi amaikweza mpaka aneba amamva nkhani za m'mawa osagula mabatire. Ndinatchulapo zokaonana ndi adokotala a makutu ku Mzuzu, anandiyankha kuti ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 3, ndizisamala za Sitandade 3.

Ku kwaya aliyense akudziwa. Iwo akapereka do, Kezia amayamba chapansipansi pamene pali poyenera, anzake n'kumutsatira, ndipo nthawi amaitenga pa phazi lake. Adada amaimba yawoyawo pamwamba. Palibe angawauze. Ena a anthu amenewo anawaphunzitsa kugwira pensulo, ena anawaimbira pa ukwati, ena anawaimbira pa maliro a ana awo. Munthu woteroyo ungayambe naye bwanji? Ine ndatsegulapo pakamwa katatu, katatu konseko ndinamaliza ndi kufunsa ngati akufuna tiyi.

Ndiye nkhani ya makina akoyi ndinaiyambitsa dala ndine, ndipo foni ndinaiika pa tebulo pafupi ndi iwo. Chonde uwayankhe mwachifundo. Chimwalirireni amama, kwayayi ndi imene imawadzutsa m'mawa. Ndili ndi mantha, sindikudziwa kuti adzakhala ndani akadzaisiya.

Mlongo wako,
Twambi

Cape Town,
2 Julayi 2023

Adada,

Yewo chomene chifukwa cha kalata yanu. Mwaona, Chitumbuka chilipo ndithu. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito inachuluka. Kunonso kukuzizira, mphepo yake yochokera ku nyanja ya mchere, yolowa mpaka m'mafupa.

Popeza mwafunsa koyamba za ntchito yanga, mundilole ndidzitame pang'ono. Nyimbo zimene ndimaika amazitcha tech house. Ng'oma yake yaikulu imagunda ka 126 pa miniti, osawonjezera osachepetsa. Ntchito yanga ndi kulowetsa nyimbo ina mwa inzake, ovina osazindikira pamene iyi yathera ndi pamene iyo yayambira. Kuti zitheke, choyamba ng'oma ziwirizo ziponde pamodzi. Ina ikatsogola pang'ono chabe, zimamveka ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi atayambana. Chachiwiri, makiyi agwirizane. Tili ndi chojambula chonga wotchi, manambala kuyambira 1 mpaka 12. F wanu uja ife timamutcha 7B. Ndikakhala pa 7B ndikhoza kupita kwa aneba, 6B kapena 8B, amene ndi C wa foloko yanu, kapenanso kulowa chipinda chakuseri, 7A, kumene nyimbo imakhazikika pa noti ya la m'malo mwa do. Ndikadumphira kwina chisawawa, ngakhale woledzera amadzutsa mutu. Zonsezi munandiphunzitsa ndinu pa bolodi lija la pakhonde, ife tinangozisintha mayina. Ndaikamo nyimbo imodzi yopeka ndekha, 126, kiyi 8A, mudzamvere tsiku limene mwasowa choseka.

Tsono za kwaya. Ndapima. Ikuyambira pa 7B, ikumalizanso pa 7B, liwiro 84. Sakutsika, adada. Ine ndikuganiza kuti ndi malata a tchalitchi. Nyengo yozizira amabweza mawu mosokoneza, woima kutsogolo n'kumamva zina. Ndakutumizirani nyimboyo nditangochotsamo phokoso la mphepo ndi tambala uja analowerera pa vesi yachitatu. Mumvere. Mawu anu akadali omwe aja.

Mwana wanu,
Fiskani

Cape Town,
4 Julayi 2023

Achemwali,

Muli bwanji ndi ana anu a Sitandade 3? Kudya ndikudya, khosi ndi la kwa amama.

Ntchito sinachuluke ayi. Masabata atatu ndakhala ndikutsegula zimene munajambula n'kutsekanso. Foloko ikumveka bwinobwino pa tebulo, C weniweni. Kenako adada akupereka do, ndipo akutuluka pamwamba ndi theka la sitepe. Pa wotchi yathu ameneyo ndi 2B. Kwaya ili pa 7B. Chowawa n'chakuti mawu awiriwa ndi oyandikana ngati zala, koma pa wotchi atalikirana manambala asanu, ndipo palibe DJ angawaike pamodzi ali bwinobwino. Komanso adada amalowa mochedwa. Zikuoneka kuti amadikira amve kaye kwaya asanatsitse dzanja. Pofika vesi yomaliza ali m'mbuyo ndi kugunda kumodzi kwathunthu.

Munati ndiwayankhe mwachifundo, ndiye ndachita zimene ndimadziwa. Popeza anali pafupi ndi foni, makina akwanitsa kuzula mawu awo pakati pa enawo. Ndawatsitsa theka la sitepe, liwu lililonse ndalikankhira kutsogolo kuti liponde pa nthawi yake, kenako ndawabwezeramo. Zanditengera masiku anayi. Nditamvera ndinalira, achemwali, chifukwa ndi adada akale aja, a nthawi imene amama ankakhala benchi yachiwiri akugwedeza mutu.

Imeneyo ndi yoti azimvera okha m'nyumba. Isatuluke panja, chonde. Za ku Bolero, Kezia apitirize monga akuchitiramu, zidutsa. Ine ndibwera Disembala, tidzawanyengerere limodzi za ku Mzuzu.

Fiska

9 Julayi: Uthenga wangawu sukufika, ndaimba foni yazimitsidwa. Muli kuti?

Nchenachena,
16 Julayi 2023

Mwana wanga Fiskani,

Monire. Foni ya Twambilile inagwera mu ndowa ya madzi kalata yako itangofika, ili kwa okonza ku boma. Choncho iyi idikira pa tebulo mpaka foniyo ichire. Mwamwayi nyimbo zija anali ataziika kale pa kakhadi ka wailesi yanga.

Wandithandiza kuposa mmene ukudziwira. Ine ndinali ndisakudziwa kuti Kezia anapita mwamseri kwa abusa kukanena kuti makutu anga atha, ndikusokoneza kwaya, ndipumitsidwe tsiku la ku Bolero lisanafike. Lachisanu abusa anandiitana pamaso pa akulu a mpingo. Ndinapita ndi wailesi m'thumba la jekete. Kezia analankhula maso ali pansi. Ndinaika wailesi pa tebulo, n'kunena kuti iyi ndi pulakatisi ya pa 8 Juni, yapimidwa ndi makina ku Cape Town. Ndinawerenganso kalata yako, pamene pali 7B ndi 84. Anamvera mavesi onse anayi. Ndivomere kuti ine sindinamve bwino, kasipika kake n'kakang'ono, koma nkhope za akulu ndinaziona. Mlembi wa mpingo, a Laws Harawa, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Abusa anamufunsa Kezia ngati amenewo ndi mawu a munthu wotha makutu. A Laws andiuza pambuyo pake, pakuti mwanayu amalankhulira m'khosi, kuti anangoti sakumvetsa. Akuti anabwereza kawiri.

Akulu agamula kuti apume ku kwaya miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha miseche. Sindinakondwere, ndi mwana wanga yemwe uja. Koma munthu akafuna mpando azibwera poyera. Tsopano ena onse akutsatira do wanga, ndipo kuthamanga kuja kwatha.

Nyimbo yako ya gu gu gu sindinaimvere, ndidikira Bolero adutse. Koma wotchi yakoyo ndaijambula pa bolodi, ndaona kuti ndi nzeru zakale zomwe zija za makiyi, mwangozipaka utoto. Ndinakuweruza mofulumira. Ndakunyadira, mwana wanga, ndipo a Laws ndawauza zomwezo.

Ine bambo ako,
Manasseh Luhanga

Nchenachena,
26 Julayi 2023

Fiskani,

Foni yabwera dzulo, mauthenga ako ndawerenga. Ndakutumizira kalata ya adada ya pa 16, uyambe wawerenga imeneyo.

Wachita chiyani iwe? Ndinati mwachifundo, sindinati uname. Ndinkafuna uwauze zoona ndi manambala akowo, chifukwa adada munthu samumvera koma nambala amailemekeza. Akanakwiya, akanasala tiyi masiku awiri, koma akanamva kuchokera kwa mwana wawo ali m'nyumba mwawo. Komabe sindikutaira zonse pa iwe. Nditamva nyimboyo pa wailesi ndinadabwa, pakuti ndinalipo tsiku limenelo. Ndinadziuza kuti mwina foni imamva bwino kuposa ine. Ndinafuna kuti zikhale choncho.

Kezia sanachite miseche. Anamutuma ndi a kwaya omwewo, koma tsiku la mlandu aliyense anali ndi khofi wothyola kumunda. Pano ku chigayo akumutcha wolanda mpando wa nkhalamba. Lamlungu amakhala benchi yakumbuyo, nyimbo za mpingo wonse amangoyendetsa milomo.

Lero poweruka ndinapita kwawo ndi foni kukamuwerengera kalata yako ya pa 4 Julayi. Ndinamupeza akutong'ola chimanga, ndipo sanasiye mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndiye sindinapenge eti." Masabata awiri wakhala akuganiza kuti makutu otha ndi ake. Ndinamupempha kuti tipite kwa abusa limodzi, anakana. Akuti tikapita, ndiye kuti tikukanena kuti asambizgi anabweretsa umboni wabodza pamaso pa akulu, ndipo iye sangawagwetse kachiwiri munthu amene anamuphunzitsa kuimba asanadziwe n'kuchapa komwe. Ndinangomuthandiza kutong'ola.

Popanda Kezia, kwaya ikutsatiradi do wa adada, ndipo do ameneyo akukwera tsiku ndi tsiku. Atsikana oimba mawu apamwamba akutuluka mu pulakatisi atagwira pakhosi. Kwatsala masiku khumi. Uwalembere wekha adada, unene zimene unachita. Ine ndikopera pa pepala ndiwapatse pamanja.

Twambi

Cape Town,
27 Julayi 2023

Adada,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine sindili bwino, chifukwa ndinakunamizani.

Zoti kwaya inayamba ndi kumaliza pa F ndi zoona. Za malata ndinapeka. Foloko yanu ikunena zoona, koma do amene mukupereka akutuluka pamwamba ndi theka la sitepe, ndipo mukulowa mochedwa. Kwaya sikutsika, adada. Ndinu mukukwera. Kezia ndi amene wakhala akuigwira kuti isagwe.

Nyimbo imene munamvetsa akulu ndinaikonza. Mawu anu ndinawatsitsa ndi makina n'kuwaika pa nthawi. Simunaimbe choncho pa 8 Juni. Ndinachita zimenezi chifukwa ndinaopa kukhala ine wokuuzani, komanso chifukwa kanali koyamba kuti mundipemphe kanthu, ndiye ndinafuna kukupatsani chinthu chokoma. Mawu aja munalemba akuti mwandinyadira, ndawadikira zaka khumi, koma si anga.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Mupite kwa abusa Kezia abwerere. Ndipo ku Bolero mumulole apereke do ndi iye, inu muime kutsogolo monga kale. Palibe adzaone chachilendo.

Mukafuna kusandilemberanso ndimvetsa.

Mwana wanu,
Fiskani

Nchenachena,
7 Ogasiti 2023

Fiska,

Wakhala ukufunsa tsiku lililonse kuti adada ati chiyani, ine n'kumayankha kuti netiweki ikuvuta. Netiweki inali bwinobwino. Kalata yako sindinawapatse.

Ndinaikopera tsiku lomwelo, ndinaipinda, ndinaiika m'chikwama. Lachisanu ndinati ndiwapatsa Loweruka. Loweruka ndinawapeza atayanika suti padzuwa akuipukuta ndi kansalu. Lamlungu anaima m'tchalitchi kupempha mapemphero a ulendo. Masiku anatha choncho. Ndinakukalipira chifukwa cha mantha ako, Fiska, chonsecho anga anali m'chikwama.

Pa 5 Ogasiti tinanyamuka m'mawa pa pikapu, anthu makumi awiri ndi atatu, adada kutsogolo ndi dalaivala, foloko m'thumba la pachifuwa. Ku Bolero kunali makwaya khumi ndi anayi, ife tinali achisanu ndi chinayi. Pa nsanja panalibe tebulo, ndiye foloko anaiika kukhutu. Do amene anapereka ngakhale ine wosadziwa nyimbo ndinamva kuti wakwera kuposa masiku onse. Ndinaona atsikana akuyang'anana.

Vesi yoyamba anaikoka n'kufika nayo. Pa yachiwiri, pamene nyimbo imakwera paja, mawu a atsikana anang'ambika. Abambo a besi anaganiza zopulumutsa zinthu, anatsikira pamene anazolowera ndi Kezia, ndiye kunali nyimbo ziwiri nthawi imodzi. Kwaya inkadikira dzanja la adada, dzanja la adada linkadikira kwaya. Nyimbo inayamba kuyenda ngati galimoto yotha mafuta pa chitunda. Pakati pa vesi yachitatu inaima. Sanapangane, anangosiya mmodzimmodzi.

Adada sanadziwe. Ukudziwa kuti vesi imeneyo amaimba atatsinzina. Anapitiriza okha, dzanja likukwera ndi kutsika, mzere wathunthu ndi theka, pamaso pa anthu odzaza bwalo. Palibe anaseka. Bola akanaseka. Atatsegula maso anapeza milomo yonse ili yotseka.

Kezia analipo, anabwera payekha pa minibasi. Ndinamuona kumbuyo ataimirira, kenako anakhalanso pansi. Akanatani, munthu woletsedwa kuimba?

Adada anatembenuka, anawerama kwa oweruza, anabweza foloko m'thumba n'kutsika. Pobwerera anakana kukhala kutsogolo, anapatsa malo mayi wina wa mwana, iwo n'kukhala nafe kumbuyo m'fumbi. Titafika kunyumba, asanavule ndi jekete lomwe, anandifunsa kuti, "Fiskani walemba?" Ndinatsegula chikwama. Anaona tsiku lili pamwamba, anandiyang'ana. Anawerenga kawiri ataimirira.

Dzulo sanapite ku tchalitchi, koyamba chibadwire changa. Akudya pang'ono. Sindikudziwa choti ndichite, ndipo usandifunse, chifukwa nawenso sukudziwa.

Twambi

Nchenachena,
3 Seputembala 2023

Mwana wanga Fiskani,

Monire. Kuzizira kwatha, fumbi layamba. Twambilile ali bwino, koma akuyenda m'nyumba muno ngati mlendo, ndamuuza kuti asiye.

Ndinakukwiyira masabata awiri. Kenako ndinapempha Twambilile andionetse pa foni kalata yanga yoyamba ija. Ndinaona kuti sindinakufunse ngati kwaya ikutsika, ndinakufunsa kuti ikutsika ndi mlingo wanji. Mwana wa sukulu akanandibweretsera funso lotere ndikanamubweza. Bodza ndi lako, limenelo sindikuchotsera. Koma amene anapita nalo kwa akulu m'thumba la jekete ndine.

Ndinapempha kuonekera pamaso pa akulu, ndipo kalata yako ya pa 27 Julayi ndinaiwerenga ndekha nditaimirira, yonse. Chilango cha Kezia achichotsa ndipo alengeza m'tchalitchi. Koma zachedwa. Anali atapempha kale kalata yosamukira ku Chitimba, kumene mwamuna wake amagula usipa. Akuti kuno sangaimenso kutsogolo kwa anthu amene anamutuma n'kumuthawa. Kwaya pano ilibe mtsogoleri, Lachinayi tchalitchi chimakhala chotseka.

Tsiku loti mawa lake anyamuka ndinapita kwawo ndi foloko. Ndinapepesa pamaso pa amayi ake, n'kumupatsa. Analandira ndi manja awiri atagwada, ndipo analankhula mawu angapo akundiyang'ana m'maso. Sindinamve ngakhale limodzi. Ndinachita manyazi kumuuza kuti abwereze, ndiye ndinangoti yewo. Mpaka lero sindikudziwa ngati anandikhululukira.

Ku Mzuzu tinapita, sitinadikire Disembala. Adokotala akuti kachipangizo ka m'khutu kadzandithandiza kumva anthu akamalankhula, koma za do sakulonjeza. Akuti khutu lotsalali limamva mawu n'kuwasuntha. Nditabwerako ndinauza Twambilile andiikire nyimbo ya pa 8 Juni, yokonza ndi yosakonza, osandiuza kuti iyi ndi iti. Ndinamvera kawiri iliyonse, ndinaloza imene ndinaiona kuti ndi yolondola. Anangonyamuka n'kupita kukhitchini. Zoona zake n'zakuti ndinangoloza, kwa ine n'chimodzimodzi.

Dzulo masana ndinamvera yako ija ya gu gu gu. Zam'mwambamo sindikuzitola, zikumveka ngati mvula pa malata a kwa aneba. Koma ndinagoneka wailesi chafufumimba pa tebulo, ndinaika chikhatho pambali pake monga ndinkaimikira foloko, wotchi ya pamkono ili patsogolo panga. Ng'oma ija inabwera m'dzanja yonse. Ndinawerenga katatu. Koyamba 126. Kachiwiri 126. Kachitatu 125, koma pamenepo Twambilile analowa ndi tiyi n'kugunda tebulo. Pa liwiro sunaname, ndatsimikiza ndekha.

Unalemba kuti kiyi wake ndi 8A. Pa bolodi langa ameneyo ndi chipinda chakuseri cha C, chokhazikika pa la, m'bale wake wa foloko ija ndapereka. Kaya unachita dala kaya zinangochitika, sindikudziwa. Sindingathenso kutsimikiza kuti alidi 8A, ndipo sindidzathanso pa nyimbo ina iliyonse. Uzinditumizira zina, ng'oma ndiziwerenga ndekha. Za kiyi ndidalira mawu ako, ndiye uzilemba zoona.

Ine bambo ako,
Manasseh Luhanga